Ulendo wa ku Ecuador: Yambani ndi Mizinda ya M'mapiri, Kenako Mutsikire ku Zilumba za Galápagos

Anthu ambiri opita ku Ecuador amakhala ndi chinthu chimodzi m'mutu, akamba akuluakulu a ku Galápagos. Amatera ku Quito usiku, m'mawa mwake ali kale m'ndege ina yopita kuzilumba. Kumeneko n'kudzimana. Mwalipira tikiti yodula chonchi, mwauluka masiku awiri, ndiye mudutse osaona mizinda iwiri yakale yomwe yasungidwa bwino kwambiri ku South America? Njira yomwe ndikulangizani ndi iyi: lowerani ku Quito, yendani pamsewu chakummwera mpaka ku Cuenca, tsikirani ku Guayaquil, ndipo kuchokera kumeneko muulukire kuzilumba. Simubwerera m'mbuyo paliponse, ndipo mumatsiriza ulendo kumalo otentha thupi litatopa ndi kuzizira kwa m'mapiri. Patulani masabata awiri, ngati n'kotheka atatu.

Choyamba: mapepala, katemera ndi madola

Palibe ndege yochoka ku Africa kukatera ku Ecuador mwachindunji. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi yodzera ku Ulaya, chifukwa KLM imauluka kuchoka ku Amsterdam ndipo Iberia imachoka ku Madrid mpaka ku Quito. Ina ndi yodzera ku São Paulo kuchokera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, kenako n'kusinthanso ndege ku Lima, Bogotá kapena Panama. Mukaona tikiti yotchipa yodzera ku Miami kapena Houston, chenjerani nayo. Dziko la United States limafuna viza ngakhale kwa munthu wongosintha ndege, ndipo wopanda viza samukweza n'komwe.

Ecuador imalola anthu a mayiko ambiri kulowa opanda viza kwa masiku 90, koma ili ndi mndandanda wa mayiko omwe nzika zake zimafunika viza, ndipo angapo ndi a mu Africa muno, monga Kenya, Nigeria ndi Ethiopia. Mndandandawu umasinthasintha. Uoneni pa tsamba la unduna wawo woona za ubale ndi mayiko ena musanalipire tikiti, ndipo muonenso malamulo a dziko lililonse lomwe mudzasinthireko ndege. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6.

Bayitsani katemera wa yellow fever pasadakhale masiku 10 ndipo kakhadi kachikasu mukasunge pamodzi ndi pasipoti. Angakufunseni popita, makamaka mukadzera ku Brazil, komanso pobwerera kuno. Katemerayu ndi wa kamodzi moyo wonse.

Ndalama ya ku Ecuador ndi dola ya ku America, kuyambira m'chaka cha 2000 pamene anasiya ndalama yawo ya sucre. Kwa ife a makwacha, zimenezi zikutanthauza kuyamba kusaka madola kubanki miyezi ingapo ulendo usanafike, poti tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira. Pemphani mapepala ang'onoang'ono, a 1, 5, 10 ndi 20. Pepala la 100 m'sitolo yaing'ono kapena m'takisi amangolipukusira mutu. Gulaninso adaputala, chifukwa masoketi awo ndi a timano tiwiri tophwatalala ndipo magetsi ake ndi a mavoti 120. Pa zoimba foni kumudzi, kumbukirani kuti Quito ili m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi Lilongwe, ndipo kuzilumba ndi maola 8.

Chachiwiri: Quito, koma modekha

Mzinda wa Quito uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,850 kuchokera pamwamba pa nyanja. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye tangoganizani mzinda wathunthu, wamabasi ndi misika, utakhala pang'ono chabe kunsi kwa Sapitwa. Mpweya ndi wochepa. Tsiku loyamba mutu umawawa, tulo timavuta, ndipo masitepe khumi okha amakupumitsani wefuwefu. Eni ake amati soroche. Mankhwala ake ndi kusafulumira: imwani madzi ambiri, idyani mopepuka, mowa muuleke kaye. Amene muli ndi vuto la mtima, la BP kapena la mphumu, kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Mutu ukapitirira kuwawa limodzi ndi kusanza kapena kubanika mutangokhala pansi, pitani kuchipatala, musadikire kuti kuche.

Bwalo la ndege lili ku Tababela, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Kwerani takisi za pabwalo pomwepo kapena muuze a malo ogona akutumizireni galimoto.

Gonani pafupi ndi mzinda wakale, Centro Histórico. Asipanishi anaukhazikitsa mu 1534 pamalo pomwe panali mudzi wa eni nthaka ndi wa Ainka (mtundu umene unkalamulira derali Asipanishi asanafike), ndipo mu 1978 unali m'gulu loyambirira la malo omwe UNESCO inawalemba kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Zilumba za Galápagos zinalembedwanso chaka chomwecho. Yambirani pa Plaza Grande, bwalo lomwe lazunguliridwa ndi nyumba ya pulezidenti ya Carondelet ndi tchalitchi chachikulu momwe muli manda a Antonio José de Sucre, mkulu wa asilikali amene anagonjetsa Asipanishi pa nkhondo ya Pichincha pa 24 Meyi 1822. Pamabenchi mupeza madoda akuwerenga nyuzi, anyamata opolisha nsapato, ndi amayi ovala zipewa zakuda akugulitsa mipango. Khalani nawo pang'ono, thupi lizolowere.

Mukayenda pang'ono mufika pa La Compañía de Jesús, tchalitchi cha Ajezuiti chomwe anayamba kumanga mu 1605 n'kudzamaliza mu 1765. Kunja ndi mwala wotuwa wosemedwa. Mukangolowa, maso amachita kuthobwa: makoma, mizati, denga, guwa, zonse zakutidwa ndi golide wopyapyala, ndipo kuwala kolowera padenga kumangoyenda pamwamba pake. Muyang'ane bwino kumbuyo pafupi ndi khomo. Pali masitepe ozungulira enieni mbali imodzi, ndipo mbali inayo ndi ojambula chabe pakhoma kuti ziwoneke zofanana. Pakhomo amalipiritsa ndipo zithunzi saloleza. Kenako pitani ku San Francisco, tchalitchi chakale kuposa ichi, chokhala ndi bwalo lalikulu lamiyala kutsogolo. Poona kukongola konseku musaiwale manja amene anagwira ntchitoyo. Anali eni nthaka, ambiri mokakamizidwa, ndipo mwa iwo ndi ana awo munatuluka amisiri osema ndi ojambula monga Caspicara, omwe ntchito zawo zili m'matchalitchi omwewa.

Basílica del Voto Nacional si ya nthawi ya atsamunda, inamangidwa pambuyo pake, koma musailumphe. M'mbali mwa denga lake anasemamo akamba, abuluzi a iguana ndi mbalame za m'dzikomo, ndipo olimba mtima amakwera makwerero achitsulo mpaka pansanja. Ku kaphiri ka El Panecillo, komwe kuli chifanizo chachikulu cha Maria wamapiko, pitani pa takisi. Njira ya masitepe yokwera wapansi ndi yodziwika ndi akuba. M'misewu yodzaza, chikwama chikhale kutsogolo, ndipo wina akakuthirani chinthu pamalaya n'kuyamba kukupukutani mwachifundo, ingopitirirani. Mnzake amakhala akusuzumira m'thumba mwanu.

TelefériQo, ngolo zoyenda pachingwe zokwera phiri la Pichincha mpaka mamita pafupifupi 4,000, muzisiyire tsiku lachitatu, m'mawa mitambo isanatseke. Ku Mitad del Mundo, chipilala cha mzere wa ikweta, anthu amapita kukajambulitsa mwendo wina kumpoto wina kummwera. Mzere weniweni uli mamita pafupifupi 240 kuchokera pamenepo. Nthawi ikachepa, kumeneku ndi komwe mungasiye. Bola msika wa Otavalo tsiku Loweruka, maola awiri chakumpoto, komwe kuli nsalu ndi mabulangete oluka pamanja. Kunenerera mtengo n'kololedwa.

Masana funsani almuerzo, chakudya chokonzeratu chokhala ndi supu, mpunga ndi ndiwo, ndi madzi a zipatso, pa madola atatu kapena anayi. Lawaniko locro de papa, supu ya mbatatesi yothira tchizi ndi peyala. Madzulo kumazizira kwambiri, juzi ndi jekete yamvula zisachoke m'chikwama. Dzuwa la masana nalo limawotcha khungu ngakhale kuli mitambo, ndipo musanamizidwe kuti ife akhungu lakuda silitikhudza.

Chachitatu: msewu wa pakati pa mapiri ophulika

Mabasi opita kummwera amanyamukira pa depoti ya Quitumbe, ndipo sitima yapansi panthaka yomwe inayamba kuyenda mu Disembala 2023 imakufikitsani pomwepo kuchokera pa siteshoni ya San Francisco mumzinda wakale. Kuchoka ku Quito mpaka ku Cuenca ndi maola 8 mpaka 10. Ndege imatenga ola limodzi losakwana, koma mukaikwera mwaphonya chigwa chomwe katswiri wa sayansi wa ku Germany, Alexander von Humboldt, anadutsamo mu 1802 n'kuchitcha msewu wa mapiri ophulika. Kumanzere kuli Cotopaxi, mamita 5,897, wosongoka bwino ndi chipale chofewa pamutu. Kutsogolo chakumanja kuli Chimborazo, woposa mamita 6,200. Chifukwa dziko lapansi ndi lotupa pa ikweta, nsonga ya Chimborazo ndiyo malo otalikirana kwambiri ndi pakati pa dziko, kuposa ngakhale ya Everest.

Yendani masana, ndipo ulendowu muudule pawiri pogona ku Riobamba kapena ku Alausí. Chikwama chaching'ono chikhale pamiyendo, osati pansi pa mpando kapena pashelefu ya pamwamba. Musanafike ku Cuenca, patukirani ku Ingapirca, mabwinja aakulu kwambiri a Ainka m'dzikomo, omangidwa pamalo a mtundu wa Cañari. Miyala ya kachisi wa dzuwa inasemedwa mogwirana popanda matope kapena simenti, moti mpeni sungalowe pakati.

Chachinayi: Cuenca

Cuenca ndi yotsikirapo, mamita pafupifupi 2,560, ndipo pofika kuno thupi limakhala litazolowera. Inakhazikitsidwa mu 1557 pamwamba pa mzinda wa Ainka wa Tomebamba, ndipo UNESCO inailemba mu 1999. Ndi mzinda woyenda wapansi: misewu yamiyala, makonde achitsulo okhala ndi maluwa, ndi mtsinje wa Tomebamba womwe nyumba zakale zimachita kuusuzumira kuchokera pamtunda. Kwa ine, Quito ndi yoonera, Cuenca ndi yokhalamo, ndipo mukakhala ndi tsiku lapadera muliike kuno.

Pa Parque Calderón pali matchalitchi awiri oyang'anizana, chakale ndi chatsopano. Chatsopanocho, cha madenga ozungulira abuluu, anayamba kumanga mu 1885. Kwerani pamwamba pake, kenako mutsikire ku kamsika ka maluwa kali pambali. Ku Pumapungo kuli nyumba yosungira zinthu zakale ndi mabwinja a Ainka pamalo amodzi. Nkhomaliro mukadyere m'chipinda chapamwamba cha msika wa 10 de Agosto. Amayi amakhala atayala nkhumba zathunthu zowotcha, hornado, ndipo aliyense amakutambasulirani kachidutswa kuti mulawe musanasankhe. Amaika pambale nyama, chikopa chokhukhuluza, tizitumbuwa ta mbatatesi ndi mote, chimanga chachikulu choyera chowiritsa. Mukamva cuy, ndi mbira, yowotcha yathunthu pamtengo, ndipo ndi chakudya cha pachikondwerero, chodulirapo.

Zipewa zotchuka ndi dzina la Panama zimalukidwa ku Ecuador, kuno ku Cuenca ndi midzi yozungulira komanso ku Montecristi, ndi udzu wa toquilla wochokera kugombe. Pogula, chiyang'anitseni kudzuwa: choluka mothinana ndi mofanana sichilowetsa kuwala kwambiri, ndipo mtengo umakwera malinga ndi kuchepa kwa ulusi wake.

Chachisanu: kutsika ku Guayaquil

Msewu wochoka ku Cuenca umayamba wakwera kaye kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Cajas, dera la udzu ndi tinyanja tambirimbiri, mpaka kupitirira mamita 4,000. Kenako umatsika mokhotakhota m'nkhungu mpaka m'minda ya nthochi ndi koko. Maola anayi okha, mwachoka mu juzi mwalowa m'thukuta. Ku Guayaquil musachedweko. Umbanda wa magulu ozembetsa mankhwala ozunguza bongo unakula kwambiri m'mizinda ya kugombe, moti mu Januwale 2024 Pulezidenti Daniel Noboa analengeza kuti boma lili pankhondo ndi magulu amenewa. Fikani kukuwala, gonani pafupi ndi bwalo la ndege, kwerani galimoto yoitanidwa ndi a hotela, m'mawa muuluke.

Chachisanu ndi chimodzi: kulowa m'zilumba

Zilumba za Galápagos zili makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kugombe, maola awiri pandege. Mabwalo olandira ndege zochokera kumtunda ndi awiri, Baltra ndi San Cristóbal. Gulani tikiti yolowera kwina n'kutulukira kwina, mupulumutsa ulendo umodzi wa boti.

Musanakwere ndege mufunika khadi yotchedwa TCT, ya madola 20. Lembetsani pa intaneti pasadakhale, mutagwira tikiti yobwerera ndi umboni wa komwe mukagone. Katundu amamuunika ndi kumumata chizindikiro. Zipatso, mbewu, dothi la kunsapato, zonsezi n'zoletsedwa, choncho mtedza waiwisi kapena chimanga chomwe munanyamula cha kamba wa paulendo chithere kumtunda. Chifukwa chake n'chomveka: mbuzi, makoswe ndi zomera zobwera ndi anthu zinawononga kwambiri zamoyo za kuno, ndipo panapita ndalama zambiri kuti mbuzi zithe pa zilumba zina. Mukatera mumalipira ndalama yolowera m'paki yoteteza zachilengedwe za pazilumbazi, yomwe kuyambira mu Ogasiti 2024 ndi madola 200 kwa mlendo wamkulu ndi 100 kwa mwana wosakwana zaka 12. Ikhale m'manja, yowerengeratu.

Kuchoka pabwalo la Baltra mumakwera basi mpaka pa kamtsinje ka nyanja ka Itabaca, kuwoloka pa boti mphindi zochepa, kenako basi kapena takisi makilomita pafupifupi 40 kudutsa pakati pa chilumba cha Santa Cruz mpaka ku Puerto Ayora.

Chachisanu ndi chiwiri: kugona m'sitima kapena kumtunda?

Apa ndi pomwe ndalama zimathera, ndiye muganize bwino. Sitima zoyendera alendo zimayenda usiku, inu muli m'tulo, n'kukudzutsani pa chilumba china. Zambiri zimanyamula anthu 16, ndipo zazikulu kwambiri sizipitirira 100. Ubwino wake ndi woti zimafika kutali: ku Genovesa kwa mbalame za mapazi ofiira, ndi ku Fernandina kwa mbalame zam'madzi zomwe mapiko ake anafupika moti siziuluka. Mtengo wake ndi madola mazana angapo patsiku, kuphatikiza ya m'manja ya ogwira ntchito pomaliza. Akati ulendo wa masiku anayi, dziwani kuti loyamba ndi lomaliza ndi a theka. Musanalipire, pemphani mndandanda wa zilumba zomwe sitimayo ikafike, chifukwa oyang'anira paki ndiwo amagawa njira ndipo woyendetsa sangasinthe kuti akusangalatseni.

Kwa munthu wa thumba wamba, kugona kumtunda n'kokwanira. Pali matauni atatu okhala ndi nyumba zogona alendo: Puerto Ayora, Puerto Baquerizo Moreno pa San Cristóbal, ndi Puerto Villamil pa Isabela. Maboti othamanga amawalumikiza m'mawa ndi masana, maola pafupifupi awiri, pa madola opitirira 30 pang'ono. Onse amadzera ku Santa Cruz. Musawachepetse maboti amenewa. Amadumpha pamafunde ngati akuswa, ndipo anthu amasanza ndithu. Imwani mankhwala oletsa nseru theka la ola musanakwere, musadye zamafuta, khalani chakumbuyo komwe sikugwedezeka kwambiri, maso akhale kutali komwe nyanja yakumana ndi thambo. Sungani makobidi olipira timaboti tokufikitsani pa boti lalikulu, ndipo popita ku Isabela nyamulani ndalama zokwanira chifukwa makina a ATM kumeneko si odalirika.

Nyengo nayo ndi yofunika. Kuyambira Disembala mpaka Meyi kumatentha, kumagwa mvula ya apo ndi apo, nyanja imakhala yofunda ndi yabata. Kuyambira Juni mpaka Novembala madzi ozizira ochokera kummwera amabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, mafunde amakula, koma nsomba ndi mbalame zimachuluka. Woopa mafunde asankhe nyengo yoyambayo.

Chachisanu ndi chitatu: zoti muone

Pa Santa Cruz, yambani ndi zaulere. Pa msika wa nsomba m'mbali mwa msewu waukulu, amayi amatumbula nsomba patebulo la simenti, nyama yam'nyanja yomwe eni ake amati lobo marino itatsamira pa miyendo yawo kudikira zotsala, avuwo atandandalika kumbuyo. Palibe wothamangitsa mnzake. Nyama za kuno zinakhala zaka zosawerengeka popanda zilombo zozisaka pamtunda, n'chifukwa chake siziopa munthu. Yendani makilomita awiri ndi theka kupita ku Tortuga Bay, komwe abuluzi akuda a iguana amawothera dzuwa mounjikana. Ndi abuluzi okhawo padziko lapansi omwe amadya m'nyanja, ndipo mukawaona akuyetsemula, akutulutsa mchere. Ku malo ofufuzira a Charles Darwin, otchedwa dzina la katswiri amene anafika kuno mu 1835, amaswetsa akamba ndi kuwalera, ndipo kuli thupi loumikidwa la Lonesome George, kamba womaliza wa mtundu wa ku chilumba cha Pinta, amene anafa mu 2012. Koma akamba okoma kuwaona ndi a kumtunda ku El Chato, oyenda mwaufulu m'maudzu ndi m'matope. Ena amaposa makilogalamu 200 ndi zaka 100. Mukamuyandikira amabweza mutu n'kutulutsa mpweya kuti fuu, chizindikiro choti mwafika pafupi kwambiri.

Ulendo wa tsiku limodzi wa ku North Seymour ndi wa mbalame. Za mapazi abuluu, yamphongo imanyamula phazi limodzi, kenako linalo, kuonetsa yaikazi. Pambali pake mbalame zakuda za frigate zimafufumitsa thumba lofiira la pakhosi. Pa Isabela pali Los Túneles, milatho ya chiphalaphala chouma yomwe pansi pake pamadutsa akamba am'nyanja ndi ashaki ang'onoang'ono, pali Las Tintoreras komwe mungaone mbalame za penguin, ndi phiri la Sierra Negra, lomwe linaphulika mu 2018, la chibowo chotambalala makilomita pafupifupi 10. Pa San Cristóbal, ma lobo marino amagona pamabenchi a m'tauni, ndipo maboti amapita ku thanthwe la León Dormido ndi ku Española, komwe mbalame zazikulu za albatross zimaswana kuyambira Epulo mpaka Disembala.

Theka la zokongola za kuno lili pansi pa madzi. Ngati simudziwa kusambira, phunzirani musananyamuke, ngakhale kungoyandama mutavala galasi ndi kapaipi kopumira. Operekeza amapereka jekete yoyandamitsa, ndipo kuivala si manyazi.

Malamulo ndi ochepa koma amawatsata. Gawo la 97 pa 100 la mtunda wonse ndi paki, yomwe inakhazikitsidwa mu 1959, ndipo m'malo ambiri simulowa popanda woperekeza wa chiphaso. Khalani mamita awiri kutali ndi nyama, ngakhale itabwera yokha. Osaigwira, osaidyetsa, osajambula ndi fulashi, osachoka m'kanjira. Kamwana ka lobo marino mukakagwira, mayi wake akhoza kukakana chifukwa cha fungo lanu. Madzi a pampopi musamwe, nyamulani botolo lodzazanso poti mapulasitiki otaya ndi oletsedwa. Madzulo ku Puerto Ayora, pitani mumsewu wa Los Kioskos komwe amaika matebulo pakati pa msewu n'kukuwotcherani nsomba yomwe mwaloza nokha.

Potuluka amaunikanso katundu. Chigoba, mchenga, kamwala, nthenga, zonse zitsale, chifukwa alipo omwe anamangidwa kaamba kozembetsa zamoyo za kuno. Osambira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya adikire maola 24 asanakwere ndege. Pakati pa ndege yochoka kuzilumba ndi yobwerera kwanu siyanipo usiku umodzi, ndipo tsiku loulukalo musalidalire boti la m'mawa, mugone pa chilumba chomwe pali bwalo la ndege.